Wazinga Ndani Nkhukuyi?

Anthu kwathu ku Bangwe amandifunsabe kuti ku Dar es Salaam ndinakaonako chiyani, kaya nyanja yamchere, kaya nyumba zosanjikizana. Ndimawauza zoona, kuti za ku Dar ndimakumbukako zochepa. Chimene sindiiwala ndi nkhuku ziwiri zokazinga zimene ndinayenda nazo pamiyendo kuchokera pa Wenela mpaka kumapiri a ku Tanzania, munthu wokhala naye mpando umodzi akukana kulawa ngakhale phiko.

Munthuyo anali Che Ajidu, telala wa pamsika, neba wanga wa zaka khumi ndi ziwiri. Iwo ndi Msilamu wa ku Machinga, ine ndine Zuze, Mkatolika wa ku Nsanje, ndipo nyumba zathu zimangosiyanitsidwa ndi kampanda ka malata akale. Zaka zonsezo nkhuku ya pakhomo panga sinkafa ndi mpeni wanga. Khirisimasi, Pasaka, ubatizo wa mwana, ndinkaitana Che Ajidu kuti adzazinge mwa Chisilamu, kuti akadzakhala nafe pachakudya asamangopisa m'masamba. Idi ikafika, mwendo wa mbuzi unkadumpha mpanda kubwera kwathu. Sitinalemberane pena paliponse, zinkangochitika.

Chinadula zonsezi ndi mpango. Ine ndine wapampando wa komiti ya sukulu ya parishi yathu, kumene Halima, mwana wa Che Ajidu, amaphunzira kalasi imodzi ndi Mphatso wanga. Halima atakula anayamba kufunda mpango kumutu monga achitira atsikana achisilamu, ndipo kumapeto kwa sitandade 7 anabwezedwa pageti, akuti mpango si yunifolomu. Akomiti tinakhala pansi patchuthi, tinakangana mpaka kukhosi kuuma, kenako tinagwirizana kuti mpango uloledwe bola ukhale wobiriwira ngati yunifolomuyo. Ndinapita ndekha kushopu kwa Che Ajidu n'kuwauza kuti, "Akatsegulira mwana abwere, ndakonza zonse." Iwo anasoka mpango wobiriwira tsiku lomwelo. Tsiku lotsegulira Halima anabwezedwanso, ana onse ali pamzere akumuyang'ana. Kuyambira pamenepo mwanayo ankangokhala kushopu kusokerera mabatani, ndipo moni wa ine ndi bambo ake unatsala wa mutu wokha.

Tsono ahedi anali atalengeza kuti Lachisanu masana atumiza mayina a ana olemba mayeso a sitandade 8. Mwana amene sapezeka m'kalasi pofika tsikulo dzina lake silipita, ndiye kuti chaka chonse chapita m'madzi. Ife tinanyamuka Lachitatu.

Ulendowo unabwera chonchi. Bungwe lina lothandizidwa ndi mayiko akunja linakonza msonkhano ku Dar wokamba za mapangano a mtendere pakati pa maboma ndi Asilamu, m'mayiko amene Asilamuwo ndi ochepa. Linapempha kuti kubwerenso anthu wamba awiriawiri ochokera kumene kuli kusamvana. Bambo mfumu a kuparishi ndi shehe wa kumzikiti ananong'onezana, n'kusankha ifeyo. Matikiti anagula okha, mipando yogundana. Ndege anati ndi ya olankhula kutsogolo, ife omvera tiyende pansi. Ine sindinadandaule, chifukwa ndine munthu wa mafunso chibadwire, ndipo funso limodzi linkandisowetsa mtendere: munthu wa kutsidya kwa nyanja kumataya chuma chake pa mkangano wa eni, akufunapo chiyani?

M'mamawa mayi a Mphatso anandipatsa bakuli lokulunga m'chitenje, likadali lofunda.

"Nkhuku ziwiri, ndakazinga mouma. Mudye ndi anzanu."

"Anzanga ake ati?"

"Mukawapeza pampando," anatero akutseka chitseko.

Ine ndi Che Ajidu tinafika pasiteji ya Bangwe nthawi imodzi, koma aliyense anakwera minibasi yake. Ku Limbe chimodzimodzi. Tinakakumana pa Wenela, pomwe tikiti sinatipatsenso ufulu wosankha. Iwo anakhala kuwindo, kofia kumutu, mikanda yopempherera m'manja. Ine kunjira, bakuli pamiyendo.

Basi inati inyamuka seveni koloko. Injini inkalira, dalaivala akuiyendetsa pang'ono kutsogolo n'kuibwezanso, ndipo m'mipando munali anthu odzaza bwino. Koma aliyense wa katundu akalowa, mmodzi wa anthu aja ankadzuka n'kutuluka osatsanzika. Mayi wina wa ku Zingwangwa, wa geni ya zitenje, amene anakhala mbali ina ya kanjira, anandiona ndikuwerenga mitu.

"Musavutike bambo, amenewo ndi onyengerera. Ikafika leveni ndiye muyambe kupemphera."

Anali atalasa. Tinatuluka mu Wenela leveni itadutsa, miyendo itatopa kale tisanafike n'komwe pa Lunzu.

Pa Zalewa panali phokoso la tchipisi ndi mazira owiritsa. Cha ku Phalula basi inaima kuti itsitse munthu, ndipo wogulitsa mbewa anakweza kamtengo kake mpaka pamphuno pa Che Ajidu. Ine mbewa ndimazikonda, sindingabise, ndipo dzanja linali litapita kale m'thumba. Ndinaona nkhope ya neba wanga, n'kutulutsa kansalu kopukutira thukuta ngati ndi kamene ndimafuna.

Titadutsa Ntcheu njala inandipeza. Ndinamasula chitenje, n'kutsegula bakuli, fungo n'kudzaza theka la basi.

"Karibu, Che Ajidu."

Anayang'ana nkhukuyo, kenako ine. "Wazinga ndani?"

Chilungamo n'chakuti sindinkadziwa. Lachiwiri madzulo ndinali kumsonkhano kuparishi, pobwera ndinapeza nthenga zitasesedwa kale. Koma pakamwa panga sipanadikire mutu.

"Msilamu," ndinatero.

"Dzina lake?"

"Ujeni uja, wa kuseri kwa chigayo uja."

"Kuseri kwa chigayo kuli bala ndi tchalitchi cha m'tenti," anatero mosakweza mawu. "A Zuze, pakamwa panu pamathamanga kuposa maso anu. Ndi mmene munanenera za pageti paja."

Anatulutsa buledi ndi botolo la thobwa, n'kutembenukira kuwindo. Ine manyazi anandigwira mpaka chilakolako chinathawa. Ndinapatsa mayi wa zitenje uja phiko limodzi kuti asandifunse zambiri, ndinatafuna kachidutswa kamodzi kosamva kukoma, n'kumanganso chitenje. Lizulu ndi kabichi wake, Dedza ndi kuzizira kwake, zonse zinadutsa ine ndikuyang'ana kumbuyo kwa mpando.

Mudepoti ya ku Lilongwe tinakhala maola awiri kudikira onyengerera ena atuluke. Che Ajidu anaimirira, n'kuika chikwama chawo pamiyendo panga pamwamba pa bakuli, n'kupita kukaswali. Ndinadabwa nazo. Munthu sakhulupirira mawu anga, koma pasipoti yake wandisiyira. Asanabwere, dalaivala anaganiza zonyamukadi tsopano. Ndinathamangira pakhomo, phazi limodzi pasitepe lina pansi, n'kumakangana ndi kondakitala kuti pali munthu akubwera.

"Adzakwera yamawa, madala."

"Ndiye muyambe mwadula mwendo uwu," ndinatero.

Mayi wa zitenje anandithandiza ndi pakamwa pake, moti Che Ajidu pofika anapeza basi yonse ikukangana za iwo. Anakhala pansi, n'kuti, "Zikomo." Liwu limodzi lokha, koma ndinaliona ngati khomo latseguka pang'ono, ndiye cha ku Mponela ndinayesa kulowa.

"Che Ajidu, Lachisanu ndi mkuja."

"Masiku ndimadziwa kuwerenga."

"Pepala la mgwirizano ndili nalo m'chikwamamu, lodinda kale. Mungoimba kunyumba mwana apite."

"Pepala lanu, chidindo chanu, geti yanu," anatero. "Mwana wanga sabwezedwa kachitatu. Bola ataye chaka."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa Halima ndi mwana amene ndinamunyamulapo pamapewa popita kumpira, ndipo amene amaphunzitsa Mphatso masamu ndi iyeyo. Kasungu tinadutsa kukuda, ndipo za Jenda, Mzuzu ndi mapiri a Chiweta musandifunse, ndinadzidzimuka kutacha tili ku Karonga, khosi litauma.

Kumeneko kunakwera bambo wina wamfupi, woyererako, wa maso ang'onoang'ono, atanyamula chikwama chakumsana.

"Tchaina, mpando uwo," anatero kondakitala, akuloza kutsogolo kwa mayi wa zitenje.

Bamboyo anakhala pansi, anaona kofia ya Che Ajidu, n'kugwira pachifuwa. "Salamu alaikumu."

Che Ajidu anayankha ali kukamwa yasa. Ine ndiye mafunso anayamba kundiyabwa, ndipo poti safunsa anadya phula, sindinachedwe. Anati dzina lake ndi Salik, si wa ku China koma ku Philippines, ndipo wakhala ku Karonga zaka zinayi akuthandiza alimi a mpunga pa za ngalande zothirira. Ankalankhula Chizungu chosakaniza ndi Chichewa chothyokathyoka, koma tinkamvana. Chodabwitsa china, nayenso ankapita kumsonkhano womwewo. Okonza msonkhano atamva kuti pafupi pomwepa pali munthu wa kuchigawo kumene kunali nkhondo, anamuitana kuti akafotokoze zimene anaona, koma poti ndege ya ku Dar inali kutali ndi Karonga anangokwera basi ngati ife.

"Koma ku Philippines si kwa Akatolika okhaokha?" ndinafunsa. "Ansembe ena amene ndinawaonapo ndi akumeneko, komanso m'mafilimu awo a pa TV aja aliyense amachita chizindikiro cha mtanda."

"Ambiri ndi Akatolika," anatero akuseka. "Ife tili kumwera, pachilumba cha Mindanao. M'mafilimu sitioneka kawirikawiri."

Pa boda ya Songwe tinatsika ndi katundu yense. Osintha ndalama anatizinga ngati ntchentche pa mango, tinaima pamzere wodinditsa, tinaoloka mlatho wapansi, tinaimanso pamzere wina. Ine ndinkayang'ana wotchi yanga mtima uli m'malo, chifukwa basi ya ku Dar tinauzidwa kuti inyamuka naini, ndipo inali isanakwane. Titafika pamalo ake tinapeza madontho a oyilo okha. Mayi wa zitenje anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Simunasinthe wotchi? Kuno ali patsogolo ndi ola limodzi. Inenso ndimayesa mukudziwa, poti mukuoneka ophunzira."

Iye anakwera njinga yamoto kupita ku Kyela kukaoda zitenje zake, ife atatu tinatsala pakhonde la kagolosale kudikira basi ya masana. Foni yanga ndi ya Che Ajidu zinali zitasanduka matochi, netiweki ya kwathu itathera pamlatho. Maola anayi amenewo ndi amene ndinamufunsa Salik mpaka anapempha madzi.

Anati nkhondo ya kwawo inayamba iye asanabadwe. Ali mwana anathawapo kangapo, ndipo sukulu yake inasandukapo malo ogona othawa, mabanja kugawana kalasi ndi zinsalu. Boma ndi omenya nkhondo achisilamu ankagwirizana, n'kuphwanya, n'kuyambiranso. Zokambirana zimene zinadzabala pangano lalikulu sizinkachitikira kwawo, koma ku Malaysia.

"Bwanji kwa eni?" ndinafunsa. "Nkhani za m'nyumba n'kukazikambira kwa aneba?"

"Kwanu umalankhula mokweza chifukwa anyamata ako ali panja," anatero. "Kwa eni umavula nsapato."

Anati m'chipinda chokambiranamo munkakhalanso anthu a mayiko ena, kumbuyo, osalankhula zambiri. Ntchito yawo yaikulu inali kumva, kuti mawa wina asadzati sindinanene zimenezo. Ena anabwera kudzakhala m'matauni a kwawo, ndipo mfuti ikalira kwinakwake ankapita kukaona ndi maso kuti wayamba ndani. Ena ankathandiza za sukulu ndi ulimi. Koma imene inandigwira mtima ndi nkhani ya amalume ake, amene anakhala kutchire zaka zambiri.

"Atauzidwa kuti apereke mfuti, anati kwa msilikali wa boma sindingapereke, bola mundiphe. Ndiye panabwera alendo, ena a ku Turkey, ena a mayiko ena. Mfuti anapereka kwa iwowo, iwo n'kuzitsekera. Boma silinazigwire, amalume sanazigwirenso."

"Ankhoswe," ndinatero, n'kumufotokozera kuti kwathu kuno banja likayambana silidziweruza lokha.

"Nanga ankhoswe anuwo amapindulanji?" ndinapitiriza, poti funso langa la ku Bangwe lija linali lidakalipo.

Salik anakweza mapewa. Anati oyandikana nawo amaopa moto wa kwa neba, chifukwa othawa amakocheza kwa iwo. Ena amafuna dzina labwino, ena amayang'ana malonda a mtsogolo, ena ndi chifundo basi. "Nkhoswe nayenso amadya paukwati," anatero, "koma ukwati umakhalapo." Sanabise kuti zinthu sizinathe. Zina zimene analonjezedwa zimachedwa, ndipo amalume akewo pali zimene akudikirabe. Koma ana a mlongo wake akula osadziwa kugona pansi pa desiki.

Nthawi yonseyi Che Ajidu ankangoyendetsa mikanda yawo, ine kumayesa sakumvetsera. Mwadzidzidzi analankhula, maso ali kumsewu.

"Ankhoswe amakhala awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi. Kusukulu kwanu kuja, a Zuze, nkhoswe ya mwana wanga anali ndani?"

Mwamwayi basi inafika nthawi yomweyo.

Tinanyamuka wani koloko ya kumeneko. Msewu unayamba kukwera pakati pa nthochi ndi minda ya tiyi yonga ya ku Thyolo, basi ikubuula giya ndi giya. Titadutsa Tukuyu, pachitunda china chozizira, kutsogolo kunamveka phuu, utsi woyera n'kudzaza kwa dalaivala. Paipi ya madzi inali itaphulika. Kondakitala anatiuza ndi manja kuti makaniko achokera ku Mbeya, ndipo mmene anatambasulira manjawo tinadziwa kuti si posachedwa.

Pamalopo panali minda ya mbatatesi, nkhungu, ndi kachisakasa kamodzi pomwe bambo wina ankakazinga nkhumba ndi tchipisi m'chiwaya chimodzi. Anthu a m'basi anathamangira komweko. Ife atatu tinakhala pa kalavati m'mbali mwa msewu. Buledi wa Che Ajidu anali atatha pa boda, ndipo Salik anali atangomwa tiyi wa m'mawa ku Karonga. Ola loyamba tinapirira. Lachiwiri Salik anayamba kuyang'ana chitenje changa ngati mwana woyang'ana thumba la amayi ochokera kumsika.

"Bambo Zuze, mwanyamula chiyani chonunkhira chonchi?"

Ndinatsegula. Anameza malovu, koma manja anawasunga pamawondo.

"Wazinga ndani?"

Funso lomwe lija, kuchokera kwa munthu wa kutsidya lina la dziko. Ndinamva Che Ajidu akutembenuka kuti amve bodza la lero.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Akudziwa ndani?"

"Akazi anga."

"Ndiye tikuvutikiranji?" Anatulutsa foni yake. Iye amaoloka boda kawirikawiri kukagula zipangizo za mapampu, ndiye ali ndi laini ya ku Tanzania. Ndinatchula nambala, iye n'kuika foniyo pokweza mawu kuti tonse timve.

Mayi a Mphatso atamva kuti basi yafa anayamba ndi kufunsa ngati ndavala juzi. Ndinawadula, n'kufunsa za nkhuku.

"Mpaka lero simunadye? Tsiku lonse la dzulo mumatani?"

"Tangoyankhani, mayi. Anazinga ndani?"

Asanayankhe, Che Ajidu anaweramira kufoni. "Pepani mayi a Mphatso, sikuti ndikukunyozani. Koma inu ndi a Zuze ndinu nyumba imodzi."

"Palibe kanthu, Che. Dikirani ndikupatseni wa nyumba yanu, tili limodzi pano tikusankha nyemba."

Kunamveka kusekerera, kenako mawu a mayi a Halima.

"Bambo a Halima, Lachiwiri madzulo ndinakubweretserani nkhuku ziwiri kuseri kwa nyumba, ya kameta ndi tambala wofiira. Ndinati n'za ndani?"

"Munati n'za mayi wina amene ali ndi alendo."

"Eya, mayi wake ndi awa. Mlendo wake ndinu. Mwazinga nokha nkhukuzo, ine ndinagwira miyendo."

Salik anafunsa kuti akuti chiyani, poti amayiwo analankhula mothamanga, ndipo nditamumasulira anaseka mpaka chipewa chinagwera m'ngalande. Ine ndinafunsa akazi anga chifukwa chimene sanandiuzire.

"Mukanadziwa kuti ndakapempha kuseri kwa mpanda mukanalinyamula bakulilo? Komanso tinati tione ngati mmodzi wa inu angafunse mnzake bwinobwino."

Che Ajidu anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, anatchula dzina la Mulungu, n'kutenga ntchafu. Anadya mwakachetechete, Salik akuthandiza mbali inayo mwachangu. Ine ndinaona munthu amene wakhala ndi njala tsiku ndi theka pafupi ndi nkhuku yozinga yekha, chifukwa choti amene anamuuza ndine. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mawu anga anali atatsika mtengo kufika pati, ndipo chinandiwawa kuposa chipongwe chilichonse.

"Che Ajidu," ndinatero, "pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku lija mwana anabwezedwa kachiwiri, ndinakuuzani kuti ahedi ndi amene anasokoneza. Si ahedi. Kalata ya komiti inali m'thumba la jekete yanga. Ndinapita kumaliro ku Nsanje Loweruka, ndinaiwala kuipereka, ndipo mlonda ndi aphunzitsi a pageti panalibe amene anawauza. Ndinaopa kukuuzani."

Anasiya kutafuna. Ndinkayembekezera mawu olemera, ndipo ndikanawalandira.

"Ndinkadziwa," anatero. "Jeketeyo munabweretsa kushopu kwa mnzanga kuti akonze zipi, kalata ili momwemo. Ndimadikira kuti munene ndinu."

Kenako anafunsa okha.

"Mawa akapita, abwezedwa kapena sabwezedwa?"

Pakamwa panga panafuna kuthamanganso. Ndinapagwira. "Sindikudziwa. Ndili kuno, geti ili ku Bangwe. Chimene ndingathe n'kuimbira ahedi inu mukumva."

Tinaimba. Ahedi anati kalata anailandira kalekale, mlonda anauzidwa, ndipo m'mawa akaima okha pageti. Che Ajidu anapukusa mutu pang'ono, n'kunena kuti ahedi ndi munthu wabwino koma ndi mbali yathu yomweyo. Salik, akupukuta mafuta kukamwa, anafunsa ngati kuli munthu ku Bangweko amene tonse awiri tamukhulupirira lero. Tinayang'anana. Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kanali kathu komwe, iye anangotionetsa pamene tinakasiya.

Tinaimbanso kunyumba. Anagwirizana kuti amayi awiriwo amuperekeza Halima limodzi, wina uku wina uku, ndipo sachoka pageti mpaka ataona dzina lake m'kaundula wa ahedi. Ndinatulutsa pepala la mgwirizano lija, tinasainira pabondo la Salik, ine kenako Che Ajidu, iyenso n'kusaina pansi ngati mboni. Analijambula, n'kutumiza kwa ahedi, kwa bambo mfumu, kwa shehe ndi kwa amayi aja. Nditatambasula dzanja kuti ndilibweze m'chikwama, analipinda n'kuliika m'thumba lake la malaya.

"Ili likhala ndi ine. Wolifuna abwere ku Karonga, adzadyenso mpunga."

Foni isanaduke, Che Ajidu anaitenga, n'kuchotsa pokweza mawu paja, koma ndinamvabe.

"Mayi a Halima, mpango uja uli m'dilowa ya makina, pansi pa maulusi. Muusite."

Makaniko anafika dzuwa litapendeka, paipi ili m'manja ngati wagwira njoka, ndipo inapezeka yaifupi. Anaimangirira ndi mphira mpaka tinakwawa kukafika pa Uyole, pomwe tinagona. Lachisanu tinadzuka m'bandakucha ndi basi ina, tikudziwa kuti msonkhano ukutsegulidwa ku Dar popanda ife. Tinakafikadi mochedwa ndi tsiku lathunthu, tinamvera za mayiko ambiri, ndipo Salik analankhula bwino, koma zambiri anali atatiuza kale pakhonde la kagolosale kaja.

Koma tibwerere ku m'mawa wa Lachisanu uja, tili m'basi. Wotchi yanga ndinali nditaibweza dala ku nthawi ya kwathu. Itakwana hafu seveni, nthawi ya belu, Salik anatulutsa foni, koma netiweki inkangobwera n'kuthawa. Che Ajidu mikanda inkathamanga m'zala. Ine ndinkangoganiza za mlonda, za mphunzitsi wina wouma mutu amene ndimamudziwa, za mwana kuima pageti kachitatu. Ndinapemphera Tikuoneni Maria kangapo chamumtima, mnzanga akupemphera zake pambali panga.

Tikulowa mu Makambako, mphepo ikuwomba ogulitsa pamawindo, foni inalira kamodzi. Salik anayang'ana, n'kuipereka kwa Che Ajidu. Ndinasuzumira paphewa pawo.

Chinali chithunzi. Halima ali mkati mwa geti, mpango wobiriwira kumutu, Mphatso atamugwira dzanja. Kumbuyo kwawo amayi awiri aja ataima ngati apolisi, mayi a Mphatso atatsekereza mlonda ndi ambulera. Kenako chinabwera chachiwiri, chala cha mayi a Halima chikuloza dzina m'kaundula.

Che Ajidu anabwerera ku chithunzi choyamba. Anachikulitsa ndi zala ziwiri mpaka pafoni panatsala mpango wokha, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wavala chozondoka," anatero. "Msoko uli kunja."

Anavula kofia, n'kuphimba nayo kumaso, ndipo ine ndinawagwirira foni ija kuti isagwe.